Chitetezo cha Wi-Fi m'makampani aakulu: phunziro la nkhani ya TJX

Pa 17 Januwale 2007 kampani ya TJX, yomwe likulu lake lili ku Framingham m'chigawo cha Massachusetts ku America, idalengeza kuti mbava zidalowa m'makompyuta ake ndi kuba uthenga wa makhadi a kubanki a anthu ogula m'masitolo ake. M'mwezi wa Malichi chaka chomwecho kampaniyi idauza boma la dzikolo kuti makhadi omwe adakhudzidwa adali osachepera 45.7 miliyoni. Mbavazo sizidathyole chitseko kapena kugwira mlonda. Zidalowera pa netiweki ya Wi-Fi ya masitolo awiri a mumzinda wa Miami, ndipo zidakhala zikutapa uthengawo kwa pafupifupi chaka ndi theka popanda wozindikira.

Nkhaniyi idaonetsa kuti chitetezo cha netiweki yopanda mawaya chimadalira kwambiri kayendetsedwe ka ntchito. Kampani kapena nthambi ya boma iyenera kudziwa munthu aliyense ndi chipangizo chilichonse cholowa pa netiweki yake, malire a komwe chingafike, komanso tsiku lomwe chilolezo chake chidzathe.

Mmene Wi-Fi imagwirira ntchito

Wi-Fi ndi njira yolumikizira makompyuta, mafoni a m'manja ndi makina ena pa netiweki pogwiritsa ntchito mafunde a wailesi m'malo mwa mawaya. Malamulo a kagwiridwe kake ka ntchito amalembedwa ndi bungwe la akatswiri a zamagetsi la IEEE, ndipo amadziwika ndi nambala ya 802.11. Malamulo oyamba adatuluka mu 1997. Mu 1999 makampani opanga zipangizo adakhazikitsa bungwe lomwe lero limatchedwa Wi-Fi Alliance, lomwe limayesa zipangizo ndi kupereka chizindikiro chotsimikiza kuti zikutsata malamulowo.

Mu ofesi, mafundewa amachokera ku timabokosi towulutsa tomwe timapachikidwa kudenga kapena pakhoma, tomwe akatswiri amatitchula kuti access point. Kabokosi kalikonse kamalumikizidwa ndi waya ku netiweki yaikulu ya kampani. Pakhomo pa munthu kabokosi kamodzi kamakwana, koma kampani yaikulu imatha kukhala ndi timabokosi mazana kapena zikwi m'nyumba ndi m'mizinda yosiyanasiyana. Pachifukwachi timabokosi tonse timayendetsedwa kuchokera pamalo amodzi, kuti lamulo likasinthidwa ku likulu lisinthe nthawi yomweyo m'nthambi zonse.

Vuto lalikulu la mafunde a wailesi ndi lakuti sadziwa mpanda. Pa netiweki ya mawaya, wofuna kulowa amayenera kudutsa pachipata, kulowa mu ofesi ndi kupeza polowetsa waya. Mafunde a Wi-Fi amabowoleza makoma ndi mawindo n'kufika pamalo oimika magalimoto, mumsewu ngakhalenso m'nyumba yoyandikana nayo. Munthu wokhala ndi eriyo yamphamvu amatha kuwagwira ali patali kuposa pomwe laputopu wamba imawagwirira. Choncho pali mafunso atatu omwe netiweki iliyonse iyenera kuyankha: wolowayo ndi ndani, uthenga wake wabisidwa bwanji kuti womvetsera panja asauwerenge, ndipo akalowa akuloledwa kufika pati.

Zomwe zidachitika ku TJX

TJX ndi mwini wa masitolo a T.J. Maxx, Marshalls ndi HomeGoods ku America, Winners ndi HomeSense ku Canada, komanso T.K. Maxx ku Britain ndi Ireland. Malinga ndi lipoti lomwe akuluakulu oteteza chinsinsi cha anthu ku Canada ndi m'chigawo cha Alberta adatulutsa mu Sepitembala 2007, mbava zidayamba kulowa mu Julayi 2005 kudzera pa netiweki yopanda mawaya ya masitolo awiri a Marshalls ku Miami. Panthawiyo masitolowo ankabisa uthenga wawo ndi njira yakale yotchedwa WEP, yomwe akatswiri adali atachenjeza kale kuti ndi yofowoka.

Zitalowa pa netiweki ya sitolo, mbavazo zidapeza njira yokafika ku makompyuta a kulikulu komwe kunkadutsa malipiro a makhadi. Kumeneko zidaika pulogalamu yotolera uthenga. Kampaniyi idazindikira za pulogalamu yokayikitsayi pa 18 Disembala 2006. Kupatula manambala a makhadi, mbavazo zidatenganso maina, ma adiresi ndi manambala a ziphaso zoyendetsera galimoto a anthu oposa 450,000 omwe adabweza katundu m'sitolo opanda risiti. Mabanki omwe adasumira kampaniyi adauza khoti kuti makhadi okhudzidwa adafika 94 miliyoni.

Lipoti la ku Canada lidapeza zolakwika zingapo. Kampaniyi inkatolera uthenga wa anthu wochuluka kuposa womwe inkafuna, inkausunga kwa nthawi yaitali popanda chifukwa, ndipo idachedwa kusiya WEP. Ntchito yosintha kupita ku njira yatsopano ya WPA idayamba mu Okutobala 2005 ndipo idatha mu Januwale 2007, pomwe mbava zidali zitalowa kale. Bungwe la boma la America loteteza ogula la FTC lidaonjezera mu 2008 kuti kampaniyi inkasunga uthenga wina osaubisa, sinkakakamiza oyang'anira makompyuta kugwiritsa ntchito mawu achinsinsi olimba, ndipo idalibe njira zokwanira zodziwira kuti mlendo walowa.

Mtengo wake udali waukulu. Mu Ogasiti 2007 TJX idati nkhaniyi idzaidyera madola pafupifupi 256 miliyoni. Idagwirizana zopereka madola ofika 40.9 miliyoni ku mabanki opereka makhadi a Visa, madola ofika 24 miliyoni ku a MasterCard, ndipo mu 2009 idalipira madola 9.75 miliyoni ku zigawo 41 za dzikolo. FTC idalamula kuti chitetezo cha kampaniyi chizifufuzidwa ndi akatswiri oima paokha zaka ziwiri zilizonse kwa zaka 20. Mtsogoleri wa mbavazo, Albert Gonzalez, yemwe nthawi ina ankathandiza nthambi ya Secret Service pa kafukufuku wa milandu ya makompyuta, adaimbidwa mlandu mu Ogasiti 2008 pamodzi ndi anthu ena 10. Mu Malichi 2010 khoti la ku Boston lidamulamula kukakhala kundende zaka 20.

Njira zobisira uthenga: kuchokera ku WEP kufika ku WPA3

Uthenga wodutsa m'mafunde umasokonezedwa ndi masamu kuti okhawo omwe ali ndi kiyi woyenera athe kuuwerenga. Njira zochitira izi zasintha katatu.

WEP idabwera pamodzi ndi malamulo a 1997. Kufowoka kwake kudali pa kanambala kakafupi komwe kamaphatikizidwa ndi kiyi pa chidutswa chilichonse cha uthenga. Manambala otere adalipo pafupifupi 16.7 miliyoni okha, ndipo pa netiweki yotanganidwa ankabwerezedwa posakhalitsa. Mu 2001 akatswiri atatu, Scott Fluhrer, Itsik Mantin ndi Adi Shamir, adaonetsa kuti womvetsera akatolera zidutswa zokwanira angathe kupeza kiyi. Mu 2007 ofufuza a pa yunivesite ya Darmstadt ku Germany adaonetsa kuti kiyiyo angapezeke pasanathe mphindi imodzi.

WPA idatuluka mu 2003 ngati chigamba chongoyembekezera, kuti zipangizo zakale zambiri zitetezeke popanda kugula zina. WPA2 idatuluka mu 2004 pambuyo pa kuvomerezedwa kwa lamulo la 802.11i, ndipo imagwiritsa ntchito njira yolimba ya AES. Kuyambira mu Malichi 2006 chipangizo chatsopano chilichonse chofuna chizindikiro cha Wi-Fi chidayenera kukhala ndi WPA2.

Nayo WPA2 idapezeka ndi chilema. Mu Okutobala 2017 Mathy Vanhoef wa pa yunivesite ya KU Leuven ku Belgium adaulula vuto lomwe adalitcha KRACK, lomwe linkalola munthu woyandikira kunyenga chipangizo kuti chibwereze kiyi wogwiritsidwa kale ntchito. Vutoli lidakonzedwa posintha mapulogalamu a m'zipangizo, zomwe zikutanthauza kuti makina omwe eni ake sadawasinthe adatsala pangozi. WPA3 idalengezedwa mu 2018, ndipo kuyambira mu Julayi 2020 ndi yokakamizidwa pa zipangizo zatsopano zolandira chizindikiro cha Wi-Fi. Mwa zina, imaletsa mbava kujambula mafunde ndi kukayesa mawu achinsinsi mamiliyoni zili kwawo.

Mbiri imeneyi ikusonyeza kuti palibe loko wamuyaya. Njira yomwe ili yodalirika pa tsiku logula zipangizo imatha kufowoka zipangizozo zisanathe ntchito, ndipo kampani yomwe ilibe ndalama zosinthira m'bajeti yake imapitiriza kudalira loko yemwe mbava zidamudziwa kale.

Mawu achinsinsi amodzi kapena chilolezo cha aliyense

WPA2 ndi WPA3 zili ndi mitundu iwiri. Mtundu wa Personal umagwiritsa ntchito mawu achinsinsi amodzi omwe aliyense amawadziwa. Ndi woyenera pakhomo kapena pa ofesi ya anthu owerengeka. Pamalo a anthu mazana, mawuwo sachedwa kulembedwa pa bolodi, kutumizidwa pa foni ndi kuuzidwa kwa achibale ndi alendo. Wantchito akachotsedwa kapena akapuma pantchito amapita nawo, ndipo kuti atsekeredwe kunja pamafunika kusintha mawuwo pa chipangizo chilichonse cha kampani. Kaamba ka chintchito chimenechi, maofesi ambiri amangowasiya kwa zaka. Choipa china n'chakuti pakachitika cholakwika sipadziwika yemwe wachichita, poti onse amalowa ndi kiyi mmodzi.

Mtundu wa Enterprise udapangidwira makampani ndi mabungwe aakulu. Umatsata lamulo la 802.1X, lomwe lidatuluka koyamba mu 2001. Apa pamakhala mbali zitatu: chipangizo chofuna kulowa, kabokosi kowulutsa, ndi seva yotsimikizira anthu yotchedwa RADIUS. Kabokosiko kamagwira ntchito ngati mlonda wa pachipata yemwe sapanga yekha chiganizo. Kamatenga chizindikiro cha wofuna kulowa n'kuchitumiza ku seva, seva imayang'ana m'kaundula wa ogwira ntchito, ndipo ikavomera m'pamene khomo limatseguka. Munthu aliyense amalandira kiyi wakewake pa ulendo uliwonse wolowa, kotero kuti mnzake wa pa tebulo loyandikana sangawerenge uthenga wake.

Ubwino wa dongosololi umaoneka pa tsiku lomwe munthu wasiya ntchito. Dzina lake likatsekedwa m'kaundula wa kulikulu, khomo limamutsekekera m'nthambi zonse. Seva imasunganso mbiri ya yemwe adalowa, nthawi yake, malo ake ndi chipangizo chomwe adagwiritsa ntchito, zomwe zimathandiza pa kafukufuku ndi pa umboni wa kukhoti.

Chizindikiro cha munthu chimatha kukhala dzina ndi mawu achinsinsi, monga zimakhalira pa njira ya PEAP, kapena chiphaso cha pakompyuta, monga pa njira ya EAP-TLS. Chiphasochi ndi kafayilo komwe kampani imaika m'laputopu kapena m'foni yomwe yaivomereza. Akatswiri amaona njira ya chiphaso kukhala yolimba kwambiri chifukwa palibe mawu oti wantchito angawaulule kapena kunamizidwa kuti awalembe pamalo olakwika. Mtengo wake ndi ntchito: pamafunika ofesi yopereka ziphaso, kuzikonzanso zisanathe mphamvu, ndi kuzifafaniza chipangizo chikabedwa kapena kutayika. Chiphaso cha seva chikatha mphamvu popanda wokumbukira, ogwira ntchito onse amalephera kulowa m'mawa umodzi.

Chitsanzo chodziwika cha 802.1X ndi eduroam, dongosolo la masukulu a ukachenjede lomwe lidayambira ku Ulaya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Mphunzitsi akapita ku yunivesite ya dziko lina amalowa ndi dzina la kusukulu kwake, ndipo pempho lake limatumizidwa ku seva ya kwawo kuti ikamutsimikize. Izi zikuonetsa kuti chilolezo cha aliyense payekha ndi chotheka ngakhale pa gulu la anthu mamiliyoni.

Kugawa netiweki m'zipinda

Cholakwika chomwe chidakulitsa ngozi ya TJX chidali chakuti wolowa pa sitolo imodzi adatha kuyenda mpaka ku makompyuta a kulikulu. Netiweki yoyendetsedwa bwino imagawidwa m'zigawo zosiyana, zomwe akatswiri amazitcha VLAN, ndipo pakati pa zigawozo pamaikidwa firewall yolola uthenga wokhawo womwe ntchito ikufuna. Seva ya RADIUS imatha kulozera munthu aliyense ku chigawo chake malinga ndi udindo wake: wa ku maakaunti amafika ku makina a malipiro, pomwe wa ku ofesi ya zamagalimoto safikako.

Alendo, monga obwera kumisonkhano ndi makontirakitala, amapatsidwa netiweki yawoyawo yomwe imangowatulutsira ku intaneti osakhudza makompyuta a mkati. Chilolezo chawo chimakhala cha maola kapena masiku owerengeka ndipo chimalembedwa m'dzina la wantchito yemwe wawaitana. Mafoni ndi malaputopu a ogwira ntchito eni ake, omwe kampani siwayang'anira, amayenera kuonedwa ngati alendo pokhapokha atalembetsedwa ndi kuyesedwa.

Gulu lachitatu ndi la makina opanda munthu kumbuyo kwake: osindikizira makalata, makamera a chitetezo, makina olembera nthawi yofikira pantchito ndi ma TV a m'zipinda za misonkhano. Ambiri mwa makinawa satha kugwiritsa ntchito 802.1X, amabwera ndi mawu achinsinsi a kufakitale omwe amapezeka m'mabuku a malangizo, ndipo mapulogalamu ake sasinthidwa kawirikawiri. Amayenera kukhala m'chigawo chawochawo ndi kuloledwa kulankhula ndi seva yokhayo yomwe amaitumikira. Kubisa dzina la netiweki kapena kudalira nambala ya chipangizo yotchedwa MAC sikupereka chitetezo chenicheni, chifukwa zonse ziwiri zimaoneka kwa womvetsera mafunde ndipo nambalayo imakopereka mosavuta.

Timabokosi tosaloledwa ndi netiweki zonamizira

Ngozi ina imachokera mkati. Wantchito yemwe Wi-Fi siifika bwino mu ofesi mwake amatha kugula rauta yotchipa n'kuilumikiza pa waya wa kampani. Iye alibe cholinga choipa, koma watsegula khomo lomwe oyang'anira netiweki sakulidziwa. Ngozi yachiwiri ndi ya netiweki yonamizira: mbava imawulutsa dzina lofanana ndi la netiweki ya kampani, zipangizo za ogwira ntchito n'kulumikizika kwa iyo ndi kupereka zizindikiro zawo. Chitetezo chake n'chakuti chipangizo chilichonse chikonzedwe kuti chizitsimikiza kaye chiphaso cha seva chisanapereke dzina ndi mawu achinsinsi.

Maboma nawo adakumanapo ndi ngozizi. Mu Okutobala 2018 boma la Netherlands lidalengeza kuti mu Epulo chaka chomwecho lidagwira ndi kuthamangitsa amuna anayi omwe lidati adali a nthambi ya ukazitape ya asilikali a Russia. Malinga ndi bomalo, anthuwa adaimika galimoto ya hayala pa hotela yoyandikana ndi likulu la bungwe loletsa zida za mankhwala oopsa la OPCW mumzinda wa The Hague, ndipo m'buti mwa galimotoyo mudali eriyo ndi makina olowera pa Wi-Fi ya bungwelo. Dziko la Russia lidakana nkhaniyi.

Mu Sepitembala 2020 ofesi ya mkulu wofufuza mu unduna wa za malo ndi zachilengedwe wa America, wotchedwa Department of the Interior, idatulutsa zotsatira za mayeso omwe idachita pa maofesi a undunawo. Ofufuzawo adapanga zipangizo za mtengo wosafika madola 200 chilichonse, adazibisa m'zikwama za kumsana ndi kuziyendetsa ndi foni ali pamalo omwe munthu aliyense amaloledwa kufika. Pogwiritsa ntchito netiweki zonamizira adatenga zizindikiro za ogwira ntchito ndi kulowa pa netiweki zina za mkati, ndipo alonda komanso akatswiri a makompyuta a undunawo sadazindikire.

Mu Novembala 2024 kampani yofufuza za chitetezo ya Volexity idafotokoza za nkhani ya mu 2022 yomwe idaonetsa kuti mbava siyeneranso kufika pafupi. Akubawo adali atapeza maina ndi mawu achinsinsi a ogwira ntchito pa bungwe lina, koma adalephera kulowa kudzera pa intaneti chifukwa kumeneko kunkafunika chitsimikizo chachiwiri. Wi-Fi ya bungwelo inkangofuna dzina ndi mawu achinsinsi basi. Iwo adalowa m'kompyuta ya ofesi ina ya tsidya la msewu, n'kugwiritsa ntchito kompyutayo kulumikizika ku Wi-Fi ya bungwe lomwe ankalifuna.

Pofuna kuthana ndi ngozizi, makampani aakulu amaika timabokosi tina tomwe ntchito yake ndi kumvetsera mafunde usana ndi usiku ndi kuchenjeza pakaoneka kabokosi kachilendo. Amachepetsanso mphamvu ya timabokosi ta m'mphepete mwa nyumba kuti mafunde asatayikire kutali, ndipo amalemba akatswiri akunja kuti ayese kuthyola netiweki mwachilolezo ndi kupereka lipoti.

Udindo wa akuluakulu oyendetsa ntchito

Zambiri mwa zomwe zidalakwika m'nkhani zimenezi zidali zosafuna ukatswiri wapadera kuti zikonzedwe. Zinkafuna chiganizo cha akuluakulu, ndalama ndi munthu wopatsidwa udindo. Mkulu wa kampani kapena wa nthambi ya boma, ngakhale asakhale katswiri wa makompyuta, ali ndi mphamvu yofunsa ndi kulandira mayankho olembedwa pa mfundo izi.

Choyamba ndi kaundula wa zipangizo. Payenera kukhala mndandanda wa timabokosi tonse, malo ake, mtundu wake, tsiku lomwe pulogalamu yake idasinthidwa komaliza, ndi chaka chomwe opanga adzasiye kukonza zilema zake. Mndandandawu ufananizidwe ndi zomwe zikupezekadi pamalo, makamaka m'nthambi zakutali komwe akatswiri safikako kawirikawiri. Mbava za ku TJX sizidayambire ku likulu, zidayambira ku sitolo.

Chachiwiri ndi mgwirizano wa ofesi yolemba anthu ntchito ndi ofesi ya makompyuta. Kalata yosamutsa, yoimitsa kapena yopumitsa munthu pantchito iyenera kufika kwa oyang'anira kaundula wa netiweki tsiku lomwelo. Maina a makontirakitala ndi ophunzira ntchito akhale ndi tsiku lothera kuyambira pomwe akutsegulidwa.

Chachitatu ndi kagulidwe ka katundu. Zikalata zoitanira ogulitsa zinene momveka kuti zipangizo zikhale ndi WPA3 ndi 802.1X, komanso kuti wogulitsa anene zaka zomwe adzapereke mapulogalamu okonza zilema. Kontirakitala akamaliza kuika zipangizo apereke mawu achinsinsi oyendetsera makinawo kwa eni ake, ndipo asinthidwe nthawi yomweyo. Ndalama zosinthira zipangizo zokalamba ndi zolipirira malayisensi zilowe m'bajeti ya chaka ndi chaka, zisadikire pulojekiti yatsopano.

Chachinayi ndi kuwerenga mbiri ya olowa. Makina amalemba zonse, koma zolembedwazo zilibe phindu ngati palibe woziyang'ana. Dzina limodzi lolowa m'mizinda iwiri pa ola limodzi, kapena makina osindikizira omwe ayamba kutumiza uthenga wochuluka kunja pakati pa usiku, ndi zizindikiro zofunika kuzitsatira msanga. Payeneranso kukhala ndondomeko yolembedwa yonena woyenera kudziwitsidwa ndi zoyenera kutsekedwa ngozi ikachitika.

Chachisanu ndi kuchepetsa zomwe zikusungidwa. Uthenga wa anthu womwe ntchito yake yatha ufafanizidwe motsata malamulo a kasungidwe ka zikalata, ndipo wotsalawo ubisidwe ngakhale uli m'makompyuta a mkati. Zomwe kampani sidasunge mbava sizingabe.

Zomwe malamulo amanena

Makampani a makhadi ali ndi malamulo awo otchedwa PCI DSS, omwe amamanga aliyense wolandira malipiro a khadi. Malamulo omwe adatuluka mu Okutobala 2008 adaletsa kuika WEP pa netiweki zatsopano pambuyo pa 31 Malichi 2009, ndipo adalamula kuti ichotsedwe paliponse pofika pa 30 Juni 2010. Malamulowa amafunanso kuti malo azifufuzidwa miyezi itatu iliyonse pofuna kupeza timabokosi tosaloledwa, ngakhale pa kampani yomwe imati ilibe Wi-Fi.

Kuno ku Malawi, lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 lidaika kulowa m'makompyuta a wina popanda chilolezo m'gulu la milandu, ndipo lidakhazikitsa gulu lothandiza pa ngozi za makompyuta la Malawi CERT pansi pa bungwe la MACRA. Lamulo la Data Protection Act la 2024 lidapereka udindo kwa mabungwe osunga uthenga wa anthu kuti aziuteteza, ndipo lidapatsa MACRA mphamvu yoyang'anira ntchitoyi. Maunduna, makhonsolo, zipatala ndi makampani a boma amasunga zikalata za malipiro, za misonkho, za odwala ndi za ziphaso za nzika, ndipo komwe makompyuta osunga zimenezi ali pa netiweki imodzi ndi Wi-Fi ya mu ofesi, mafunso omwe adafunsidwa ku TJX amakhudzanso malo amenewo.

Kufowoka kwa WEP kudadziwika mu 2001, njira yoilowa m'malo idatuluka mu 2003, mbava zidalowa m'masitolo a ku Miami mu 2005, ndipo kampaniyo idamaliza kusintha mu 2007. Pa zaka zonsezo chidziwitso chidalipo ndipo zipangizo zidalipo pamsika. Chomwe chidachedwa chidali chiganizo cha eni netiweki.